Mitengo mwakweza, nanga ukhondo ndi ulemu mwazisiya kuti?

Eni malo odyera a mitengo yokwera amene achuluka mu Lilongwe, mu Blantyre ndi ku Mzuzu masiku ano, tcherani khutu, chifukwa zimene mukuchitazi zafika pokwana. Mwagula mipando yawofuwofu, mwapachika nyali za mitundumitundu, mwaimika mlonda wa yunifolomu pageti ndipo mwabzala maluwa mpaka kukhomo la chimbudzi, koma kukhitchini kwanu simupondako phazi, ndipo ana amene mwawalemba kuti azilandira alendo simunawaphunzitse ngakhale kupereka moni. Kodi munamva kuti munthu amadya nyali? Mpando wofewa unamuchizapo ndani m'mimba?

Loweruka lapitali mwana wa mchemwali wanga, amene wangoyamba kumene ntchito, anaganiza zoti malipiro ake oyamba alawitseko akuluakulu amene anamulera, ndipo ananditenga ine pamodzi ndi mayi ake kupita ku malo ena odyera otchuka mu Lilongwe muno. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa matenda amene ndinawaona kumeneko si a iwo okha, ndipo ndikatchula amodzi enanu mudziyesa oyera. Tinakhala nthawi yaitali popanda wotiyang'ana, pamene anyamata ndi atsikana operekera zakudya anali ataunjikana pakona, mitu yonse ili pafoni imodzi, akuseka. Mmodzi atakumbukira kuti ali pantchito, anabwera n'kuponya menyu patebulo maso ali kwina, osanena n'komwe kuti takulandirani. Menyuyo inali ya masamba ambirimbiri, yodzaza ndi mayina a Chitaliyana ndi a Chifalansa, koma chilichonse chimene tinkaloza yankho linali lakuti chatha. Ngati chinatha, munachisiyiranji papepala? Kapena cholembera chofufutira nacho chikufuna ndalama zakunja?

Chakudya chinafika titadikira kuposa ola, ndipo chimene chinafikacho ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Ine ndinaitanitsa chambo ndi nsima. Kunja nsombayo inali yopserera, koma nditaibenthula ndinapeza kuti pafupi ndi minga m'pozizira, mnofu wake ukungosungunuka m'zala, fungo lake lili la nsomba imene yagona masiku ambiri chiivuulireni m'madzi. Nsima inali ya mibulu, yosapsa, yonunkha ufa, yoti mtsikana wa zaka khumi ataiphika kumudzi mayi ake akhoza kumubwezera nayo pamoto. Mpunga wa mchemwali wanga, umene pamenyu analemba kuti ndi Kilombero, unalibe fungo ngakhale pang'ono, ndipo munthu aliyense amene anadutsapo pakhomo pamene pakuphikidwa mpunga wa ku Karonga akudziwa kuti Kilombero sabisala. Unali wotentha m'mbali koma wozizira pakati, kusonyeza kuti ndi wadzulo, angoulowetsa m'makina otenthetsera. Nkhuku ya mnyamatayo inkatuluka magazi pafupa. Chipisi chinali chakuda ndi mafuta amene akazingirapo zinthu sabata yathunthu, saladi anali wofota, ndipo pa tambula imene anandipatsa panali utoto wa pamilomo wa mayi wina amene anamwerapo ife tisanafike.

Nditamuitana mnyamata woperekera zakudya uja kuti anunkhize yekha nsombayo, anandiyankha kuti, "Ndi mmene timaphikira kuno, madala." Nditafunsa manijala anati watuluka pang'ono, ndipo nditafunsa khukhi anati watanganidwa. Chinthu chokhacho chimene chinabwera mothamanga tsiku limenelo ndi bilu. Pamwamba pa mitengo ija panali msonkho wa VAT, msonkho wa zokopa alendo, ndiponso ndalama ina imene analemba okha kuti ndi ya chisamaliro chimene talandira. Chisamaliro chake chiti? Nditati nsomba yosadyedwayo aichotsepo, anati sizingatheke chifukwa inalowa kale mukompyuta. Kompyuta imeneyo ndi mfumu ya mudzi uti, yoti mawu ake sabwezedwa? Mu Febuluwale 2024 boma linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito pa K90,000 pamwezi, koma mbale zitatu zosadyeka zija zinadumpha ndalama imeneyo kutali. Ndiye kuti thukuta la munthu la mwezi wathunthu mumalimeza masana amodzi, n'kumupatsa nsomba yowola.

Musandiuze za kwacha. Tonse tikudziwa kuti mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, moti palibe amene akudabwa kuti mafuta ophikira, tchizi ndi vinyo wochokera ku South Africa zakwera mtengo. Kwezani mitengo ngati n'kofunika, amene angathe alipira. Koma kodi kutsuka tambula kumalira madola? Kuvundula nsima mpaka ipse kumadikira banki? Chambo chimachokera ku Salima ndi ku Mangochi, tomato ndi kabichi ku Ntcheu, kachewere ku Dedza, ndipo zonsezi zimalowa mumzinda m'mawa uliwonse. Mayi wogulitsa nsomba mumsika amadziwa kuti zikagona ayenera kuziwamba kapena kuzitsitsa mtengo, koma inu, a ziphaso zopachika pakhoma, mumazisunga mpaka zitanunkha, n'kuzikwirira ndi adyo ndi tsabola kuti mlendo asazindikire.

Za kuzima kwa magetsi nazonso musadzikhululukire nazo. Magetsi akazima jenereta yanu imalira nthawi yomweyo, nyimbo zimapitirira, kanema wa mpira sazima, nyali za panja zimawalabe, koma mafiliji a kuseri mumawazimitsa kuti mupulumutse dizilo. Nyama imasungunuka, madzi ake amadonthera pamasamba, magetsi akayaka imaumanso, mawa imasungunukanso, kenaka mumaiika pambale yoyera n'kuipatsa dzina lachilendo. Mukudziwa bwino lomwe chimene mukuchita. Mukusewera ndi miyoyo ya anthu.

Nkhuku yosapsa ndi matenda. Mpunga wogona panja usiku wonse ndi poizoni, ndipo kuutenthetsa sikuchotsa poizoniyo. Saladi wotsukidwa ndi madzi a mumgolo wosavundikira, wodulidwa ndi mpeni womwe wadula nkhuku yaiwisi, ndi njira ya kuchipatala. Kodi taiwala kale? Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliri womwewo. Nthawi imeneyo amayi ogulitsa zophikaphika m'misewu ndi m'madepoti analetsedwa malonda awo, ndipo tonse tinati n'zoyenera. Nanga inu, ndani anakuuzani kuti kolera ndi taifodi zimaopa mpanda wa njerwa? Ndani anakunamizani kuti tizilombo ta matenda timayamba tawerenga mitengo ya pamenyu tisanalowe m'mbale? Pachimbudzi cha malo ajawa panali galasi lalikulu ndi mafuta onunkhira, koma pampope panalibe madzi ndipo sopo kunalibe. Ngati chimbudzi cha alendo chili chotero, amene akutiphikira kuseri akusamba m'manja ndi chiyani? Pamatebulo amenewa pamakhala ana ang'onoang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ngati ine, ndi anthu odwala shuga. Kutsegula m'mimba kumene mnyamata wamphamvu angakupirire masiku awiri, nkhalamba kumaitengera kumanda.

Ana operekera zakudyawa sindiwasenzetsa mlandu wonse, chifukwa ndikudziwa mmene ambiri a inu mumawasungira. Mumawaimika kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku, mbale ikasweka mumawadula malipiro, ndalama ya chisamaliro imene mumatilipiritsa ija ambiri saiona n'komwe, ndipo akaweruka amakayenda pansi mumdima kupita ku Mtandire kapena ku Mgona pamene inu mwagona kale. Munthu wotere amwetulira bwanji? Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa achinyamata kuphika ndi kulandira alendo chaka ndi chaka, koma inu mumakonda kutenga mwana wa msuweni wanu amene sanagwirepo thireyi, chifukwa iyeyo sangafunse za malipiro. Komabe nanunso ananu mundimve. Kuchepa kwa malipiro si chilolezo choyankha munthu wa imvi ngati mnzanu wa pabwalo la mpira. Mawu akuti pepani sagula, ndipo kwanu munachoka mukuwadziwa.

Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti ulemuwo ulipo ndithu, koma mumasankha woupatsa. Patebulo loyandikana nafe panafika alendo akunja, ndipo ana omwe aja amene ankalephera kudzutsa mutu pafoni anathamanga, wina kukoka mipando, wina kupukuta matambula mpaka kunyezimira, ndipo manijala amene anati watuluka uja anatulukira mwadzidzidzi kudzafunsa ngati zonse zili bwino. Alendowo sanalakwe kanthu, analandira zimene munthu aliyense wolipira ayenera kulandira. Olakwa ndinu, amene mukamva munthu akuitanitsa chakudya m'Chichewa mumaganiza kuti akhoza kudikira, ndiponso kuti chilichonse chimene mungamuikire adya. Dziko lino linalandira ufulu mu 1964. Mpaka liti Mmalawi adzakhala mlendo wachiwiri pakhomo la Mmalawi mnzake? Kodi K5,000 ya munthu wakuda imasintha mtundu ikalowa m'kabati yanu?

Tsopano nditembenukire kwa inu odya, chifukwa khalidwe limeneli mukulilera ndinu. Pamene ndinkafunsa za nsomba ija, mwana wa mchemwali wanga ankandikodola n'kumanong'ona kuti, "Amalume, chonde zisiyeni, anthu akutiyang'ana." Mwanayo ndi wabwino, koma mantha akewo ndi a mbadwo wonse. Mumaopa kuti mukadandaula anthu aganiza kuti ndinu achimidzimidzi, kuti malo otere simunawazolowere, kapena kuti ndalama zakucheperani. Ndiye mumameza zowola uku mukumwetulira, mumajambula mbaleyo n'kuiika pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti anzanu asirire, ndipo potuluka mumasiyanso kangachepe patebulo pothokoza munthu amene wakunyozani. Anzanuwo akaona chithunzi nawonso amapita, nakadwala, nakhala chete. Kumsika mumatsegula makha a nsomba kuti muone ngati ndi ofiira, tomato mmodzi wofewa mumabweza, pachiwaya mumamuuza mnyamata kuti nyamayo aibwezere m'mafuta chifukwa sinapse, ndipo mumanenerera mtengo mpaka wogulitsa atatopa. Bwanji pakamwa pomwepo pamatsekeka mukangoona nsalu yoyera patebulo? Wosauka mumalimbana naye pa K200, koma wolemera akakuberani masauzande mumati zikomo kwambiri.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo pankhani iyi mimba imene ipweteke usiku ndi yanu, osati ya mwini malo. Nsomba ikanunkha, ibwezeni isanalawidwe kawiri. Nkhuku ikakhala ndi magazi, musalole kuti angoitenthetsa n'kukubwezerani yomweyo. Funsani mtengo wonse musanaitanitse, werengani bilu mzere ndi mzere, ndipo lisiti musalisiye patebulo, chifukwa popanda ilo mawa adzakana kuti simunafikeko. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, lili ndi Competition and Fair Trading Commission imene imalandira madandaulo a ogula, lili ndi Consumers Association of Malawi, ndipo Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi makhonsolo a mizinda ali ndi mphamvu zoyendera ndi kutseka malo auve. Koma onsewa adziwa bwanji ngati inu mukungodandaulira m'galimoto pobwerera kunyumba? Ndipo inu oyendera malo, musamathere pa malesitilanti a mumsika ndi pa amayi a mandasi okha. Lowaninso kuseri kwa mageti akuluakulu, mutsegule mafiliji, mununkhize mafuta, muone ngati ophika anapimidwa kuchipatala, ndipo mufike osalengeza, osati tsiku limene akuyembekezerani ndi mbale ya ulere.

Malo abwino alipo, ndipo ena mwa iwo ndi a mabenchi a matabwa, kumene nsima imabwera ikufuka nthunzi, chambo chili cha tsiku lomwelo, ndipo mayi wophika amatuluka yekha kudzafunsa ngati mchere wakwana. Amenewo sakulipiritsani ndalama ya chisamaliro, koma amakuthirirani madzi osamba m'manja. Inu amene mumalipiritsa kakhumi kuposa iwo, simuchita manyazi? Mlendo wochokera kunja amene wamva mbiri ya chambo cha m'nyanja yathu akadya chimene ndinapatsidwa ine, akanena chiyani kwawo? Mwana amene wasunga ndalama miyezi ingapo kuti asangalatse mayi ake tsiku limodzi, mwamulakwira zotani pomuchititsa manyazi pamaso pa makolo ake?

Lowani kukhitchini kwanu lero lomwe, mutaye zowolazo, mugule sopo, ndipo antchito anu muwalipire moyenera n'kuwaphunzitsa ntchito. Ngati kuphika kwakukanikani, tsekani, musatiphere ana.