Pemphero la mabanja opita kunyanja nyengo yotentha ino

Atate wathu wakumwamba, Chauta Namalenga, tabwera pamaso panu dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Nyenje zikulira kuyambira m'mamawa, malata akuthetheka, usiku ana akungotembenuka pamphasa tulo osabwera. Tsiku la Anakubala, pa 15, layandikira, kutsogoloku kuli Khirisimasi, ndipo m'makomo ambiri nkhani ndi imodzi: tikapitidwe mphepo kunyanja. Ena asonkherana kumpingo, ena atapa kubanki m'khonde, ena mwana wawo wa kutauni wanena kuti chaka chino amayi akaone madzi ndi maso awo. Maulendo onsewa tikuwapereka m'manja mwanu.

Tikukuthokozani chifukwa kupuma ndi mphatso yanu. Inu nomwe munapuma mutatha kulenga, ndipo Mwana wanu ataona ophunzira ake atatopa, osapeza ngakhale mpata wodyera, anawatengera padera m'ngalawa kuti akapume. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti ulendo ndi wa kumaliro, kuchipatala kapena kokasaka ganyu basi. Tichotsereni mtima wodziimba mlandu pamene tapatula tsiku limodzi loti tikaseke ndi ana athu. Komanso tiletseni kulowa m'katapila pofuna kuti anzathu atione pa Facebook. Ngati kamba wathu ndi thobwa, mbatata yophika ndi zitumbuwa, mudalitse zomwezo, tikadye mokondwa.

Ambuye, msewu watilanda abale ambiri. Yendani nawo otsika ku Lilongwe kulowera ku Salima ndi Senga Bay. Yendani nawo ochoka ku Blantyre ndi Zomba, odutsa pa Liwonde kupita ku Mangochi ndi Monkey Bay. Gwirani chiwongolero cha otsetsereka pa Khwekhwelere kupita ku Golomoti, ndi cha otsika pa Chiweta, kumene msewu umakhotakhota m'mphepete mwa phompho mabuleki akununkha. Dalaivala amene sanagone mokwanira mpatseni nzeru yoima ndi kupuma. Kondakitala asapanikize anthu anayi pampando wa atatu. Ifenso okwera tilimbitseni mtima: tikaona woyendetsa akumwa mowa kapena akuthamanga mopitirira muyeso, tisamangoyang'anana n'kumati Mulungu alipo. Mulipodi, ndipo ndinu amene munatipatsa pakamwa kuti tilankhule. Makamaka pobwerera, madzulo a Lamulungu, aliyense atatopa, mdima utagwa, mbuzi ndi ngolo zopanda nyali zili pamsewu, musatisiye tokha.

Kumbukiraninso mabanja a panjinga. Bambo akupalasa, mayi ali pakaliyala atabereka khanda, mwana wamkulu wakhala pachitsulo chakutsogolo, akupita kukaona agogo tsidya la dambo kapena kukacheza kudoko. Kaphazi ka mwanayo kasalowe m'masipoko, chitenje cha mayi chisakodwe m'tcheni. M'misewu yathu yambiri phula linadyeka m'mbali, ndipo lole ikamabwera ikuliza hutala, wapanjinga alibe kothawira koma kugwera mumchenga. Fewetsani mitima ya oyendetsa magalimoto akuluakulu, adziwe kuti amene ali kutsogolo kwawoyo ndi banja lathunthu. Sungani achinyamata okwera phiri la Zomba panjinga Loweruka kukafika ku damu la Mulunguzi, potsika liwiro lisawakomere. Ndipo akabaza a ku Salima ndi Mangochi, amene amatinyamula ndi katundu wathu dzuwa lili paliwombo, tisawanenerere mtengo mpaka kuwadyera thukuta.

Tsopano nyanja, Atate. Ndi yanu, ndipo munaipanga bwino. Madzi ake ndi oyera mpaka munthu kuona mbuna zamawangamawanga zikusewera m'miyala ya pa chilumba cha Thumbi, nkhwazi ikulira pamwamba. Anthu amachoka mayiko akutali kudzaona zimenezi, ndipo kuyambira 1984 dera la Cape Maclear lili m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse. Tikuyamika kuti munatipatsa ife. Koma nyanja yomweyi malo ena ndi yakuya mamita 700, ndipo mpaka lero imakumbukika sitima ya Viphya imene inamira mu 1946 ndi anthu oposa 100. Tipatseni mantha oyenera.

Ana athu ambiri akulira kumtunda, madzi amene amawadziwa ndi a m'beseni, ndipo akangoona mchenga amathamanga osacheuka. Mwana akamamira sakuwa, Ambuye. Amangoti zii, pamene akuluakulu ali kalikiliki kuotcha nyama, nyimbo zikulira, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira. Pa gulu lililonse dzutsani munthu mmodzi woti maso ake asachoke pamadzi, foni ikhale m'thumba, mowa asaulawe. Aphunzitsi, atsogoleri a kwaya ndi a Sande sukulu amene atenga ana a eni, athandizeni kuwerenga ana potsika basi, kuwerenganso pokwera, ndipo chiwerengerocho chikwane. Pasapezeke mayi wolandira thumba la zovala mwana wake palibe. Anyamata opikisana kusambira kupita kwakuya pofuna kuoneka amuna, abwezeni. Oyendetsa maboti opita kuzilumba asadzaze anthu chifukwa cha ndalama, ndipo ife tisakane kuvala majekete oyandamitsa poopa kuti tioneka amantha. Inu amene munadzudzula namondwe pa nyanja ya Galileya, tontholetsani mafunde mpoto ukadzuka mwadzidzidzi, ndipo muyende nayo Ilala ndi onse opita ku Likoma ndi Chizumulu.

Titsekuleni makutu kuti timvere eni dera. Akatiuza kuti pamabango apo pali ng'ona, kapena kuti pamathiriro a mtsinje pamatuluka mvuu madzulo, tisayese kuti tikudziwa kuposa iwo. Titetezeni ku likodzo lobisala m'nkhono za m'madzi odekha, ndipo wina akabwerako n'kuona magazi mumkodzo, asachite manyazi kupita kuchipatala. Usiku tisaiwale neti, pakuti udzudzu wa kunyanja suona kuti uyu ndi mlendo.

Tikupempherera anthu amene nyanjayi ndi munda wawo. Asodzi amene amagona pamadzi ndi nyali kusaka usipa pamene ife tili mtulo, amayi oyanika nsomba pamathandala, ophika ndi ochapa m'malo ogona alendo amene tchuthi chathu ndi ntchito yawo yakalavulagaga. Chambo chikusowa, ndipo mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'mphepete mwa nyanja. Achitireni chifundo. Ife tiphunzitseni ulemu wa mlendo: tisasiye mabotolo osweka ndi majumbo pamchenga pamene ana awo amayenda opanda nsapato, tisajambule anthu akusamba padoko. Ndipo atsikana ang'onoang'ono a m'midzi ya kumeneko atetezeni kwa alendo obwera ndi ndalama m'thumba koma mtima woipa. Amene akuganiza zotere, mumugwire chikumbumtima asanafike.

Ena sapita kunyanja koma ku Likhubula, kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba m'phiri la Mulanje, kumene miyala ndi yoterera ndipo madzi ndi ozizira ndi akuya. Ena akukaonetsa ana njovu ku Liwonde. Abale athu a ku Johannesburg ena atsikira ku Durban mu Disembala, kunyanja yamchere imene mafunde ake amakoka munthu, ena akwera basi yodzera ku Tete kulowera pa Mwanza kuti adzadye Khirisimasi kwawo. Onsewa muwadziwa mayina, asungeni.

Tikupempha mtendere m'banja paulendo. Nkhani ya ndalama ya mafuta isayambitse mkangano pamaso pa ana. Bambo asangofika n'kusowa, kukapezeka madzulo maso atafiira. Ndipo amayi, Ambuye, amayi amene ulendowu tikuti ndi wawo, asakhalenso iwo omwe odzuka mbandakucha kuphika mpunga, kusenza mapoto, kutsuka mbale ndi kuthamangitsa adzukulu tsiku lonse. Tikumbutseni kuwayalira chitenje pamthunzi, kuwapatsa mutu wa chambo ngati ndi umene amaukonda, ndi kuwagwira dzanja akafuna kuponda m'madzi. Ena mwa iwo akalamba asanaionepo nyanja imene ili m'dziko lawo lomwe.

Tonthozani amene tsikuli limawakumbutsa manda a mayi awo, ndi mabanja amene nyanja inawatengera mwana, moti akamva za ulendo wotere mtima umawawa. Amene chaka chino alibe ya basi, asadzione otsalira. Apatseni chimwemwe pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, ana akusewera fulaye ndi phada, ndipo ife amene tili ndi mpando wotsala m'galimoto tikumbuke mwana wamasiye wa nyumba yoyandikana nafe.

Tulukani nafe, Atate, mukakhale nafe kumeneko, ndipo mutibweze tonse amoyo, wina osasowapo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.