Chenjezo kwa Makolo Amene Mukuchemerera Nkhonya pa Ayezi m'Dzina la Jezi Nambala 25

Makolo anzanga amene ana anu akusewera hockey ya pa ayezi kuno ku Canada, ndi inu achinyamata amene mumatumizirana timavidiyo ta ndewu za masewerowa pa mafoni, ndalemba mawu awa mtima ukundiwawa chifukwa cha zimene ndinaona Loweruka lina m'nyengo yachisanu yapitayi, pamene ndinaperekeza mdzukulu wanga wa zaka 14 ku kabwalo kena ka ana mumzinda wa Ottawa. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilole ndilankhule mosapsatira mawu.

Masewero ali mkati, mnyamata wina wa timu ya alendo anakankhidwa chakumbuyo nkhope italoza kukhoma lozungulira bwalo, ndipo mutu wake unawomba khomalo mwamphamvu moti tonse amene tinakhala m'mwamba tinamva kugunda kwake. Anadzuka pang'onopang'ono, miyendo ili gwedegwede ngati ya thole longobadwa kumene, n'kuyamba kulowera ku benchi ya timu imene si yake mpaka mnzake anachita kumugwira mkono. Ine ndili kakasi, abambo akuluakulu a ndevu zawo anali kumenya galasi ndi zikhatho, akuseka ndi kufuula kuti masewero enieni ndi amenewo. Mmodzi mwa iwo, amene anavala jezi ya timu ya Ottawa Senators yolembedwa dzina la wosewera wake wakale, Chris Neil, ndi nambala 25 kumsana, ankakuwira mwana wake kuti avule magolovesi amenyane. Chimene chinandipweteka koposa ndi chakuti bambo wa mwana wovulalayo anatsika mpaka kuseri kwa benchi n'kumuuza kuti alimbe ngati mwamuna, abwerere m'bwalo. Masewero atatha ndinamuona mwana yemweyo atawerama pa bini ya zinyalala pafupi ndi khomo akusanza, chikwama cha zida zake chili pansi, bambo wake ali pa foni.

Popeza jezi imeneyo ndi imene anthuwa akubisalamo, tiyeni tiikambe bwino. Pa 17 February 2023, timu ya Senators inakweza nambala 25 kudenga la bwalo la Canadian Tire Centre, kutanthauza kuti palibe wosewera wina wa timuyi amene adzaivalenso. Uwu ndi ulemu waukulu kwambiri umene timu ingapereke kwa munthu wake, ndipo mwa osewera a timu ya masiku ano, amene anaulandira Chris Neil asanaulandire anali Daniel Alfredsson wa nambala 11 ndi Chris Phillips wa nambala 4 okha. Neil sanali katswiri wa zigoli ayi. Mnyamata wa ku Flesherton m'chigawo cha Ontario ameneyu anasankhidwa mochedwa mu 1998, pa nambala 161, ndipo m'masewero 1,026 amene anasewera mu NHL, ligi yaikulu ya masewerowa, anagoletsa zigoli 112 zokha, pomwe mphindi zake za chilango, zimene wosewera amapatsidwa akalakwira malamulo a masewero, zinafika 2,522. Ntchito yake inali ija eni masewerowa amaitcha enforcer, ndiye kuti mlonda wa timu, munthu amene amatumidwa kukamenyana ndi aliyense wovutitsa akatswiri a timu yake. Nambala yake itakwezedwa panali mtsutso, ena akunena kuti denga ndi la ogoletsa zigoli basi, ena akuti munthu amene anapereka nkhope ndi manja ake kwa zaka zonsezo ayenera kukumbukiridwa.

Ine ndili mbali ya amene akuti anayenera ulemuwo, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Kuyambira 2001 mpaka 2017 munthuyu sanavalepo jezi ya timu ina mu ligiyi. Analipo mu 2007 pamene Ottawa inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Stanley Cup n'kugonja kwa Anaheim Ducks. Ndipo chinthu chimene abambo ofuula aja sachitchula n'komwe ndi chakuti pa zaka zonsezo, ndi ndewu zonsezo, ligi sinamuimitsepo kusewera ngakhale kamodzi. Izi zikusonyeza munthu amene ankadziwa polekezera, amene sankalondola mdani chakumbuyo kapena kumumenya ndi ndodo m'mutu. Bambo amene akuombera m'manja mwana wokankha mnzake kumsana, atavala dzina la Neil, akunyoza mwini dzinalo.

Koma ulemu umenewu usatitseke maso, pakuti ntchito ya ulonda wa nkhonya yapha anthu, ndipo amene akuichemerera mosasamala ayenera kumva mayina awo. M'bwalo lomwelo m'mene mukulendewera nambala 25, pa 9 December 2010, Derek Boogaard wa New York Rangers anamenyana ndi Matt Carkner wa Ottawa, navulala m'mutu, ndipo sanasewerenso. Boogaard anali chimphona chotalika kuposa mamita 2, munthu amene ligi yonse inkamuopa, amene m'masewero 277 anagoletsa zigoli 3 zokha chifukwa chimene ankalipidwira chinali nkhonya zake. Pa 13 May 2011 anapezeka atafa mumzinda wa Minneapolis ali ndi zaka 28, atasakaniza mowa ndi mankhwala amphamvu opha ululu otchedwa oxycodone, amene anawazolowera pofuna kuziziritsa mabala a ntchito yake. Akatswiri a ku Boston University atapima ubongo wake anapeza matenda otchedwa CTE, amene amabwera munthu akamagundidwa m'mutu mobwerezabwereza, ndipo amagwirizana ndi kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kusokonezeka kwa maganizo. Chaka chomwecho mu August, Rick Rypien, amene anasewerera Vancouver Canucks, anamwalira ali ndi zaka 27 atavutika nthawi yaitali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwezi womwewo usanathe Wade Belak anamwalira ku Toronto ali ndi zaka 35. Alonda atatu anapita m'miyezi yosakwana 4.

Asanamwalire atatuwa n'kuti Bob Probert atapita kale. Anthu a ku Detroit mpaka lero amamutchula ndi chikondi chifukwa cha momwe ankatetezera kaputeni wawo Steve Yzerman, ndipo analidi ndi luso, pakuti mu nyengo ya 1987 mpaka 1988 anagoletsa zigoli 29 kwinaku akusenza mphindi 398 za chilango. Anagwa ndi matenda a mtima ali m'boti pa nyanja ya St. Clair pa 5 July 2010, ali ndi zaka 45, ana ake ali pomwepo, ndipo ubongo wakenso unapezeka ndi CTE. Akuluakulu athu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Anthu amene ankaimirira m'mipando kuchemerera amuna amenewa ankapita kwawo kukagona tulo tabwino, pomwe omenyanawo ankagona ndi zala zotupa, mutu ukuphwanya, akudziwa kuti mawa usiku kuli chimphona china chikuwadikira mumzinda wina. Ambiri mwa alonda amene anapuma afotokozapo poyera kuti tsiku la masewero lisanafike ankasowa tulo ndi mantha. Inu amene mumatumiza timavidiyo ta ndewu zawo muli phwete kuseka, mantha amenewo simuwaona.

Ndikudziwa yankho limene ambiri a inu mumapereka, loti popanda mlonda akatswiri angavulazidwe, ndipo mumatchula Dave Semenko amene ankayenda pambali pa katswiri wa zigoli Wayne Gretzky ku Edmonton Oilers. Pali choona m'menemo, ndipo Gretzky mwini anayamikira pomupatsa Semenko galimoto imene anapata mu 1983. Komabe mwambo wobwezerana womwewo ndi umene unabala zinthu zimene palibe munthu wanzeru angaziikire kumbuyo. Pa 21 February 2000 ku Vancouver, Marty McSorley, amenenso anali mlonda wa Gretzky m'mbuyomo, anamenya Donald Brashear ndi ndodo m'mutu chakumbuyo, Brashear n'kugwa chagada pa ayezi, ndipo khoti la ku Canada linamupeza McSorley wolakwa pa mlandu wovulaza munthu ndi chida. Pa 8 March 2004, mumzinda womwewo, Todd Bertuzzi wa Vancouver Canucks anamenya Steve Moore wa Colorado Avalanche chakumbuyo pobwezera zimene Moore anachitira kaputeni wa Canucks, mafupa atatu a m'khosi mwa Moore anathyoka, ndipo mnyamatayo sanasewerenso mu ligiyi. Onsewa ankati akuimirira timu yawo. Ndipo musaganize kuti ngozi ili kwa olipidwa ndalama zambiri okha, chifukwa Don Sanderson, wa zaka 21, amene ankasewerera Whitby Dunlops mu ligi ya anthu osalipidwa ku Ontario, anagwa pa ndewu chipewa chake choteteza mutu chitavuka, mutu n'kuwomba ayezi, ndipo anamwalira pa 2 January 2009 atakhala chikomokere kwa milungu itatu.

Masewero enieniwo asintha, ndipo amene akuphunzitsa mwana wake nkhonya akumukonzera ntchito imene ikutha. Mu NHL womenyana amalandirabe chilango cha mphindi 5 basi, koma matimu ambiri analeka kusunga munthu amene ntchito yake ndi nkhonya zokha, popeza masewero anafika pothamanga kwambiri moti wosadziwa kutsetsereka bwino amangokhala mtolo kwa anzake. Pa masewero a Olympic womenyana amatulutsidwa m'bwalo. Ligi ya achinyamata ya ku Quebec inakhazikitsa lamulo lotulutsa aliyense womenyana kuyambira mu 2023. Bungwe la Hockey Canada linaletsa kukankhana ndi thupi kwa ana a zaka 11 ndi 12 kale mu 2013. Mu 2018 NHL inagwirizana kulipira ndalama pafupifupi madola 19 miliyoni pa mlandu umene osewera akale oposa 300 anaisumira chifukwa cha kuvulala m'mutu, ngakhale sinavomere kuti inalakwa, ndipo aliyense anayenera kulandira madola 22,000 okha. Taganizirani, ubongo wa munthu pa mtengo umenewo. N'zoona kuti pa 15 February 2025 ku Montreal, pamene Canada ndi United States zinakumana, panabuka ndewu zitatu m'masekondi 9 oyambirira, ndipo mmodzi mwa omenyanawo anali Brady Tkachuk, amene panthawiyo anali kaputeni wa Senators. Ana athu anaonera zimenezo kambirimbiri. Koma amenewo ndi amuna akuluakulu amene anasankha okha, ali ndi madokotala kuseri kwa benchi, ndipo ngakhale iwowo ine sindiwasirira. Mwana wa zaka 14 ubongo wake ukadali wanthete.

Kulimba mtima kwa timu ndi chinthu chenicheni, ndipo sindikufuna kuti wina andimve ngati ndikuti ana athu azisewera mwamantha. Ndakhala m'mabwalo ozizirawa zaka zingapo tsopano, bulangete lili pa mawondo, ndipo ndaona kumene kulimbako kumaonekera. Kumaonekera pa mwana amene amagona pansi kutchinga puck, kampira kaphwatalala ka labala kolimba ngati mwala kaja, kakubwera ndi liwiro loopsa, n'kudzuka akutsimphina koma akuyang'anabe kumene mdani ali. Ndakuonanso pa mwana amene amaima kutsogolo kwa golo ya adani akumukankha ndi kumutukwana, iye osabweza, chifukwa akudziwa kuti akabweza akakhala m'kachipinda ka chilango mphindi 2 timu yake n'kutsala yoperewera munthu mmodzi. Timu yolimba ndi ija imene ikamagonja ndi zigoli zitatu siyamba kulozana zala, ndipo mnzawo akagwa onse amamuzungulira kumuteteza ndi matupi awo mpaka oyimbira afike. Mutu umodzi susenza denga, ndipo timu imene imadalira nkhonya za munthu mmodzi imakhala itamusenzetsa mtolo umene unayenera kugawidwa kwa onse.

Tsono inu bambo amene munabweza mwana wanu m'bwalo akuzandima, ndi ena onse a mtima ngati wanu, dziwani kuti kuno ku Ontario kuli lamulo lotchedwa Rowan's Law, limene linakhazikitsidwa mu 2018 pokumbukira Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wa mumzinda wathu uno wa Ottawa, amene anamwalira mu 2013 atagundidwanso m'mutu pa masewero a rugby kuvulala koyamba kusanapole. Lamulolo limafuna kuti mwana amene akuganiziridwa kuti ubongo wake wagwedezeka achotsedwe m'masewero nthawi yomweyo, ndipo asabwerere mpaka dokotala kapena namwino wovomerezeka atamuona. Limafunanso kuti makolo aziwerenga za zizindikiro zake chaka ndi chaka, ndipo ambiri a inu mumangodina pa kompyuta kuti mwawerenga musanawerenge. Mwana akamamva chizungulire, akamasanza, akamadandaula kuwala kwa magetsi, akamafunsa funso limodzi kawirikawiri kapena kuiwala kuti zigoli zili bwanji, muvuleni nsapato zotsetserekerazo ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musamufunse ngati akufuna kupitiriza, chifukwa mwana amene akufuna kusangalatsa bambo wake adzayankha kuti ali bwino ngakhale akuona zinthu ziwiriziwiri.

Tsiku lija ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako kumandivutitsa mpaka lero, chifukwa mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ndinamuyang'ana mnyamatayo akutuluka pa khomo, akukoka chikwama chake pa chipale chofewa kupita ku galimoto, ndipo sindinanene kanthu kwa bambo wake kapena kwa mphunzitsi wa timuyo. Nyengo ikubwerayi ndidzakhala pa mpando wanga womwewo, ndipo ndikadzaonanso mwana akubwezedwa m'bwalo akuzandima, ndidzatsika masitepe n'kukaima kuseri kwa benchi mpaka oyimbira aimitse masewero.