Monfaredzadeh naye tizimutchula

Chimandipweteka n'chakuti nyimbo ikatchuka timatamanda woyimba yekha, wopeka n'kumuiwala ngati sanakhetse thukuta. Ku Iran kuli nyimbo yotchedwa Jomeh, kutanthauza Lachisanu, ndipo ambiri amangoti ndi ya Farhad Mehrad. Zoona, liwu losasa lija ndi la Farhad, mawu ake analemba ndi Shahyar Ghanbari. Koma amene anaipatsa kaimbidwe komvetsa chisoni kaja ndi Esfandiar Monfaredzadeh, mwana wa mu mzinda wa Tehran.

Bamboyu anatchuka mu 1969 ndi filimu ya Qeysar, ya Masoud Kimiai. Nthawi imeneyo mafilimu ambiri a ku Iran ankangodzaza ndi magule, ena n'kumatola nyimbo za m'malekodi akunja. Iye anatenga ng'oma ya ku zurkhaneh, nyumba zimene amuna amalimbitsirako thupi mwamwambo wakale, n'kuilowetsa m'filimu. Woonera ankamva ng'oma ya kwawo ikugunda limodzi ndi mkwiyo wa Qeysar, mwini nkhani wa m'filimuyo. Apa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa, chifukwa anakhulupirira kuti za pakhomo pawo n'zokwanira kunyamula nkhani yolemera.

Jomeh anaipekera filimu ya Amir Naderi mu 1971, boma la Shah, mfumu ya Iran, likugwira anthu pakamwa kudzera mwa apolisi achinsinsi a SAVAK. Nyimboyo sitchula mfumu kapena ndende, imangolira za Lachisanu lakuda ndi magazi, koma aliyense ankadziwa chimene akumva. Pa 8 September 1978, tsiku Lachisanu, asilikali atawombera anthu pabwalo la Jaleh ku Tehran, nyimbo ija inamveka ngati inalosera.

Ena amati nyimbo za m'filimu ndi zokometsera chabe, ngati mchere wa m'ndiwo. Ndikukana. Chotsani nyimbo za bamboyu m'filimu ya Gavaznha ya 1974, muone ngati nkhope ya wochita sewero Behrouz Vossoughi ingakulizeni chimodzimodzi. Filimu yomweyi ndi imene inkaonetsedwa ku Cinema Rex, mu mzinda wa Abadan, pa 19 August 1978, anthu ena atayatsa moto umene unapha oonera pafupifupi 400.

Boma la Shah linagwa mu 1979, koma olamulira atsopano sanafune nyimbo zamtunduwu. Farhad anakhala zaka zambiri osaloledwa kutulutsa nyimbo. Monfaredzadeh anachoka m'dziko lake, kukakalambira kuchilendo.