Ulemu wanga ukupita kwa ma junior barrister

Anzanga, kuno ku England munthu akatchula barrister, loya woimira anthu pamaso pa woweruza, anthu amangoganiza za ma KC (King's Counsel), aja ovala mkanjo wa silika. Ine mtima wanga uli pa ma junior.

Junior si mwana ayi. Barrister aliyense amene sanapatsidwe ulemu wa King's Counsel, wofanana ndi wa SC (Senior Counsel) kwathu ku Malawi, amatchedwa junior, ngakhale imvi zitati mbuu. Harry Woolf, amene anadzakhala Lord Chief Justice mu 2000, sanavalepo silika. Ankaimira boma pa milandu ikuluikulu ali junior, mpaka anamusankha kukhala woweruza wa High Court mu 1979.

Kawirikawiri mwini mlandu sasankha yekha barrister. Amasankha ndi solicitor, loya amene mwini mlandu amayamba kupitako, ndipo ma solicitor amauzana. Ngakhale mabuku aja a Chambers and Partners ndi Legal 500, amene amatchula maloya odziwika chaka ndi chaka, amadalira kwambiri zimene anthu ogwira nawo ntchito anena. Ndiye mbiri imamangidwa pa zinthu zimene anthu sazionera pa TV.

Taganizani: mulu wa mapepala wafika madzulo, mlandu uli mawa m'mawa ku Crown Court ya mzinda wina. Junior wabwino amachezera nawo usiku, n'kukwera sitima kusanache. Woweruza akafunsa kuti mawu a mboni aja ali pati, iye amatchula tsamba osafufuza. Pa mlandu waukulu amakhala kumbuyo kwa KC, chete, koma nthawi zambiri mfundo zimene KC akuyankhula ndi junior amene anazilemba, ndipo zinthu zikavuta kapepala kamachoka m'manja mwake kupita kutsogolo. Foni ya solicitor amayankha. Mayi amene akunjenjemera panja pa khoti amakhala naye pansi, n'kumufotokozera m'mawu osavuta zimene zichitike mkatimo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chilungamo chawo pamaso pa woweruza. Malamulo a Bar Standards Board, bungwe loyang'anira ma barrister, amati barrister akadziwa chigamulo chakale chimene chikutsutsana ndi mbali yake, aziuza khoti, ngakhale loya wa mbali inayo wachiiwala. Zimenezi n'zowawa, chifukwa munthu amene ukumuimirayo ali pomwepo akumva. Komatu oweruza saiwala. Amene anabisapo kanthu, mawu ake onse amayamba kukayikiridwa, ndipo amene amavutika ndi anthu amene adzawaimire mawa. N'chimodzimodzi kuuza munthu mosapita m'mbali kuti mlandu wake ndi wofooka asanawononge ndalama zake. Kwa ine loya wotere amaposa wodziwa kukometsa pakamwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa anthu amenewa, makamaka oimira osauka pa milandu ya upandu ndi ndalama za legal aid, amalandira zochepa poyerekeza ndi thukuta lawo, zikakhala zaka zoyamba ndiye osanena. Mu 2022 anafika ponyanyala ntchito motsogoleredwa ndi bungwe lawo la Criminal Bar Association, milandu n'kuima, mpaka boma linavomera kuti kukweza malipiro ndi 15 peresenti kukhudzenso milandu yambiri imene inali kale m'makhoti. Ambiri anali atayamba kale kusiya milandu yotere kupita kumene kuli ndalama. Akapitiriza kuchoka, m'bale wathu amene wamangidwa ku Birmingham kapena ku Leeds, alibe ndalama, adzamuimira ndani?