Pa katundu wopitirira sikelo, a ku South Africa anatisiya kutali

Abale anga, pa nkhani yosamuka pa ndege ndi katundu wochuluka, anthu a ku South Africa anatisiya kutali ife a kumtunda kuno. Ndikudziwa kuti ena mupsa nane mtima, makamaka amene munabwezedwapo pa kauntala ku Joni chikwama chili m'manja. Psani mtima ndithu, koma mumve kaye.

Mwezi wathawu ndinaperekeza achemwali anga amene amasamukira kumeneko kukayamba ntchito. Munthu wosamuka sanyamula ngati wokacheza. Amanyamula mabuku, nsapato, zofunda, mapepala a sukulu, moyo wonse m'masutikesi awiri. Dzulo lake tinaimba foni ku ofesi ya kampani ya ndege kufunsa kuti katundu akapitirira tilipira bwanji. Anatiuza kuti amawerengera pa kilogalamu. Titafika pa kauntala, amene tinawapeza anati ayi, amawerengera pa chikwama, ndipo sutikesi imodzi yapitirira ndi makilogalamu 3, choncho tilipire ngati chikwama cholemera mopyola muyeso. Patsogolo pathu panali bambo ena amene chikwama chawo chinapitirira kuposa chathu, ndinaona ndi maso anga manambala pa sikelo. Anaseka nawo pang'ono, anapepesa, anadutsa. Achemwali anga, munthu wamanyazi wosadziwa kuchonderera, anagwada pansi anthu akuona, kutsegula sutikesi, zipi n'kukanirira pakona, kuyamba kusolola mabuku ndi nsapato kundipatsira ine kuti ndibwerere nazo kunyumba. Thukuta lili kamukamu, mzere kumbuyo ukung'ung'udza.

Chimene chinandiwawa si ndalama ayi. Ndi chakuti lamulo kuno kwathu limakhala ndi nkhope. Limatengera amene mwamupeza tsikulo, mmene wadzukira, ndiponso ngati inuyo muli ndi pakamwa pokoma.

Tsopano onani ku Joni. Kuyambira pa 25 Malichi 2019, bwalo la ndege la OR Tambo linaletsa zikwama zopanda maonekedwe olongosoka pa makauntala ake. Chikwama chiyenera kukhala ndi mbali imodzi yafulati yoti chigonere pa lamba woyendetsa katundu. Chobulungira ayi, cha zingwe zitalizitali zolendewera ayi, mtolo womanga m'bulangete ayi. Chifukwa chake anachinena poyera: zikwama zotere zimakodwa pa malamba, makina n'kuima, katundu wa anthu ena onse n'kuchedwa. Ndipo anapereka njira: pitani pamalo okulungira zikwama, akachikulunge mu pulasitiki kuti chikhale ndi mbali yafulatiyo, mubwere. Lamuloli limatipweteka ife a m'maiko oyandikana nawo, poti zikwama zathu zikuluzikulu zamizeremizere zija zikadzaza zimatupa n'kukhala zobulungira. Koma taganizani: lamulo analilengeza lisanayambe, analilemba, ndipo limagwira aliyense, wa suti ndi wa patapata yemwe. Munthu wosamuka amafuna chimenechi. Amafuna kudziwa ali kunyumba, sabata isanakwane, kuti ichi chidutsa, ichi sichidutsa, ichi chindidyera zakuti.

Chimodzimodzi pa kulemera. Chikwama chimodzi sichiyenera kupyola makilogalamu 32, ngakhale mutatulutsa ndalama zochuluka bwanji, chifukwa pali anthu amene amachinyamula ndi msana wawo kuseri kuja. Kumeneko akati 32 ndi 32. Simutaya nthawi kuchonderera, mumangodziwiratu kuti katoni ya mabuku muigawe pawiri.

Wina anena kuti malire a katundu amaika ndi kampani ya ndege, osati dziko. Zoona. Makampani ena amawerenga zikwama, nthawi zambiri ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse pa maulendo ataliatali, kukula kwake kosapyola masentimita 158 mukaphatikiza utali, ufupi ndi msinkhu. Ena amangopereka makilogalamu, 20 kapena 30, mugawe mmene mungafunire. Ndege zing'onozing'ono zoyenda m'chigawo chino malo ake a katundu ndi ochepa, moti ngakhale mulipire, chikwama chachitatu chikhoza kutsala n'kubwera mawa. Zonsezi n'zofanana kulikonse. Kusiyana kuli pa anthu ogwiritsa ntchito malamulowo, ndipo anthuwo ndi a dziko.

Apa ndivomere kena kake, chifukwa sindikufuna kunama. Chifundo cha kwathu chilipo ndipo chimapulumutsa anthu. Ndinaonapo amayi okalamba akuwalola kuphatikiza kulemera kwa zikwama zawo ndi za mdzukulu wawo, wa pa kauntala mpaka kutsika pampando kuwathandiza kumanga. Ku South Africa zimenezo musayembekezere kwambiri, mzere ndi wautali ndipo amangokulozerani kumene mukalipire. Komanso anthu ambiri odutsa kumeneko amakulunga zikwama mu pulasitiki chifukwa choopa kuberedwa, mantha amene kuno ndi ocheperapo. Izi ndavomera. Koma chifundo sungachiike pa bajeti. Munthu amene wagulitsa mipando, wabweza makiyi a nyumba ya lendi, watsala ndi ndalama zowerengeka zokayambira moyo kwina, sangakonze ulendo podalira kuti mwina akapeza munthu wabwino.

Kumene a ku South Africa anandigonjetseratu ndi pa katundu wotumiza payekha, wosayenda ndi mwini wake. Ambiri kuno sitidziwa n'komwe kuti njira imeneyi ilipo, ndipo palibe amene amakuuza pa kauntala, chonsecho kwa wosamuka nthawi zambiri ndiyo yotsika mtengo kuposa kulipira chikwama chachitatu ndi chachinayi. Mumapereka makatoni anu ku mbali ya kago masiku angapo ulendo usanafike, amakupatsani pepala lokhala ndi nambala ya madijiti 11, katundu amakwera ndege ina, inu mukakamutenge mukafika. Kuzungulira bwalo la ndege la ku Joni makampani ochita zimenezi ali mbwee, amapikisana, ena amabwera kudzatenga makatoni pakhomo. Mphwanga wina amene anabwerako chaka chino anangoimba mafoni n'kusankha wotchipa. Anamufotokozeranso chinthu chimene chimapweteka anthu ambiri: pa kago salipiritsa kulemera kokha, amaonanso malo amene katoni yatenga. Amachulukitsa utali, ufupi ndi msinkhu m'masentimita n'kugawa ndi 6000. Katoni ya 60 ndi 50 ndi 40 imawerengedwa ngati makilogalamu 20, ngakhale mutakhala mabulangete okhaokha olemera makilogalamu 8. Ndiye mabuku ndi ziwiya zolemera zipite pa kago, zofunda zifinyidwe m'matumba ochotsa mpweya aja kapena zitsale. Anamuuzanso zoti achotse: perefyumu, zopopera za m'zitini, mabatire. Power bank silowa m'chikwama chopita pansi pa ndege, imayenda nanu m'manja, ndipo mphamvu yake ikapyola 100 Wh muyambe mwapempha chilolezo ku kampani ya ndege. Zonsezi anamuuza asanamate katoni ndi tepi. Kuno ukanazimva katoni itang'ambidwa kale.

Nkhani ya msonkho nayo ndi yomweyo. Amene akusamukira ku South Africa ndi katundu wake wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito amadzaza mafomu a SARS, bungwe lotolera msonkho kumeneko, otchedwa DA 304 ndi P1.160, n'kulemba mndandanda wa zonse zili m'makatoni. Mafomuwo ali pa intaneti, mukhoza kuwawerenga muli kwanu. Ku Malawi ndi ku Zambia nakonso malamulo amalola nzika yobwerera kwawo itakhala kunja nthawi yaitali kulowetsa katundu wake wakale wa m'nyumba osalipira msonkho, koma funsani anthu khumi obwerera, muona kuti ndi angati anadziwa izi asananyamuke. Ambiri amazimva kwa ejenti atafika kale, ndalama yosungira katundu m'nyumba ya kago ikukwera tsiku ndi tsiku.

Za Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe sindinena zambiri, tonse ndife ana a mbumba imodzi pa khalidwe limeneli. Lusaka inamanga nyumba yatsopano yokongola pa bwalo la Kenneth Kaunda, yotsegulidwa mu 2021, koma nyumba yatsopano siisintha kalankhulidwe ka pa kauntala. Chimene tonsefe timawaposa a kumwera ndi luso la pamsewu. Basi yokoka ngolo yochokera ku Park Station ku Joni, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, imanyamula firiji ndi bedi zimene ndege ikanakulipiritsani mtengo woposa zinthuzo. Ngati kumene mukusamukira kumafika msewu, ikani zolemerazo pa basi kapena pa lole, inu mukwere ndege ndi masutikesi awiri. Kungoti si aliyense akusamukira kofika basi, ndipo wopita ku London kapena ku Dubai alibe ngolo yoti adalire.

Zimene ndikupempha kwa oyendetsa mabwalo a ndege ndi makampani a ndege kuno si zodula. Ikani sikelo pakhomo, yaulere, kuti munthu ayeze katundu wake abale omuperekeza asanabwerere. Pachikani chikwangwani chooneka bwino cholemba mtengo wa kilogalamu yoonjezera ndi wa chikwama choonjezera, ndipo woyankha foni ku ofesi aziwerenga pepala lomwelo limene wa pa kauntala akuwerenga. Wina akabwera ndi zikwama zinayi, muuzeni kuti kuli kago ndipo mumulozere khomo lake. Ndipo ngati mwaganiza zokhululukira makilogalamu awiri kapena atatu, lembani zimenezo kuti akhululukidwe onse, wolankhula ndi wamanyazi yemwe.