Buku ndamaliza kale, koma pakamwa ndatseka mpaka tsiku lawo

Usiku wa Lamlungu, cha m'ma 2 koloko, ndinamaliza buku lomwe lifike m'masitolo miyezi itatu ikubwerayi. Ndinali pa shifiti ya usiku kuno ku Leeds ku Britain, agogo omwe timawasamalira onse atagona, ine ndili pampando wa m'khonde, foni m'manja, misozi ili lengelenge. Chala chinali chitafika kale pa Instagram kuti ndiuze aliyense. Mpamene ndinakumbukira kamzere komwe kanali pansi pa imelo ya osindikiza, kopempha kuti ndemanga isatuluke pagulu mpaka patatsala masiku 30 kuti buku lituluke. Ndinabweza chala, n'kulemba zonse m'kope langa, kenako ndinapita kukaona ngati mayi a m'chipinda chakumapeto akufuna madzi.

Kwa anzanga omwe izi n'zachilendo: makampani osindikiza mabuku, makamaka a ku Britain ndi America, amagawa makope a buku lisanatuluke. Timawatcha ma ARC. Ena ndi apepala, olembedwa pachikuto kuti zolakwika sizinakonzedwe komanso kuti si ogulitsa. Ambiri masiku ano ndi apafoni, odzera pa mawebusayiti ngati NetGalley kapena Edelweiss. Umapempha, iwo amayang'ana mbiri yako, akakhutira amakupatsa ulere. Malipiro ake ndi ndemanga. NetGalley imawerengetsa mabuku omwe wapatsidwa ndi omwe walembapo kanthu, ndipo imalimbikitsa kuti usatsike pa 80 mwa 100 alionse. Chaka changa choyamba ndinapempha mabuku 23 m'sabata imodzi, ndikuganiza kuti ambiri andikana. Anandivomera 17. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ngongole imeneyo inanditengera pafupifupi chaka kuti ndiibweze.

Koma lero nkhani yanga ndi ya tsiku lomwe osindikiza amaika loti ndemanga ituluke.

Mnzanga wina yemwe timawerenga naye amanyansidwa nazo zedi. Amati, "Achemwali, buku andipatsa okha, ndawerenga ndi maso anga, tulo tomwe ndaluza ndi tanga, ndiye andiuzenso tsiku loyankhula?" Ndimamumvetsa, koma pamenepa sindigwirizana naye. Ndemanga yotuluka miyezi isanu buku lisanafike ili ngati kubzala pa chizimalupsa. Nthaka yanyowadi, mbewu yalowa, koma mvula yeniyeni ikadali kutali. Munthu waona chithunzi chako mu Epulo, mtima wadumpha, walowa m'sitolo ya mabuku ya Waterstones, amuuza kuti mpaka Sepitembala. Kodi pofika Sepitembalayo akhala akukumbukira? Waona kale mabuku ena zana limodzi pafoni yomweyo. Iwe watuluka thukuta, wolemba buku sanapindule kanthu.

Osindikiza amalimbira sabata yoyamba pa chifukwa chomveka. Ku America mabuku ambiri amatuluka Lachiwiri, kuno ku Britain Lachinayi, ndipo makope omwe anthu anaoda buku lisanatuluke amawerengedwa pamodzi ndi a sabata yoyambayo. Ndiye buku likafuna kukwera pa mndandanda wa ogulidwa kwambiri, monga wa New York Times kapena Sunday Times, mwayi wake waukulu ndi masiku amenewo. Eni masitolo nawonso amayang'ana masabata oyambirira kuti aone ngati buku likhalebe patebulo la pakhomo kapena lipite kushelefu yakumbuyo. Nthungululu zimafunika pomwe mkwatibwi akutuluka, osati akadali m'bafa.

Izi sizikutanthauza kuti ndemanga yofulumira ilibe malo. Magazini ngati Publishers Weekly, Kirkus Reviews ndi Library Journal amafuna buku miyezi ingapo lisanatuluke, ndipo ndemanga zawo zimatsogola. Koma onani omwe amawerenga magaziniwo: eni masitolo ndi oyang'anira malaibulale, anthu omwe ayenera kuoda katundu nthawi ikadalipo. Anga pa Instagram ndi anamwino, ophunzira, azimayi a kutchalitchi, anthu ofuna buku loti agule Loweruka lino. Aliyense ali ndi nyengo yake.

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti buku limodzi lili ndi masiku angapo. Zomwe umatumiza kwa osindikiza kudzera pa NetGalley ukhoza kutumiza ukangomaliza, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa iwo amazigwiritsa ntchito pokopa masitolo. Goodreads, webusayiti yomwe owerenga amalembapo za mabuku, imalola ndemanga buku lisanatuluke, choncho pamenepo umadziletsa wekha malinga ndi pempho la osindikiza. Amazon ndiye siitsegula n'komwe khomo mpaka tsiku lenileni lotulukira buku. Kuonjezera apo, fayilo yomwe wakopera imadzitseka yokha pakatha masiku 55, kupatula yomwe watumiza ku Kindle, chipangizo cha Amazon chowerengera mabuku, ndipo osindikiza akalichotsa bukulo pa tsiku lomwe anaika, sungalikoperenso. Ukati udikire kuwerenga kuti uyandikire tsiku, upeza chitseko chotseka. Ukawerenga msanga osalemba, pofika tsikulo waiwala ngakhale dzina la mlamu wa mwini nkhani.

Ine ndimalemba usiku womwewo, mtima ukadali wotentha. Zokoma, zonyansa, tsamba lomwe ndinaseka, pomwe ndinayamba kuodzera. Kenako ndimaika masiku awiri pakalendala ya foni, la Goodreads ndi Instagram, ndi la Amazon. Tsiku likafika ndimawerenganso zomwe ndinalemba, ndipo nthawi zambiri ndimadula ndime yoyamba chifukwa imakhala ya munthu woledzera ndi buku.

Ndinaphunzira movutika. Kale ndinatulutsa ndemanga miyezi inayi nthawi isanakwane, n'kukoperamo chiganizo china chomwe chinandigwira mtima. Patatha masiku awiri ndinalandira imelo yaulemu kwambiri yochokera kwa mtsikana wa ku kampaniyo, ulemu uja woti ukamawerenga makutu amatentha. Anati chiganizocho wolemba anachichotsa, ndipo munthu yemwe ndinamutchula anamusintha dzina. Ndiye ndemanga yanga inkayamikira mawu omwe wogula buku sakanawapeza. Kuyambira pamenepo sindikopera mawu ndisanaone kope lomaliza.

Tisasokonezenso pempho ndi chiletso chenicheni. Mabuku ena akuluakulu amatsekeredwa ndi mapangano osainirana. Mukukumbukira la Prince Harry, Spare, lomwe linayenera kutuluka pa 10 Januwale 2023, koma masitolo ena ku Spain anayamba kuligulitsa pa 5 Januwale, manyuzipepala n'kumwaza zam'katimo dziko lonse tsiku lisanafike. Zimenezo ndi za maloya ndi ndalama zankhaninkhani. Zathuzi nthawi zambiri ndi pempho chabe. Palibe adzakumange ukaphwanya. Kungoti ulendo wina ukapempha buku, yankho limabwera lozizira, kapena silibwera n'komwe.

Tsono pali malire, ndipo apa mpomwe ine ndi osindikiza ena timasiyana. Chaka chatha wina wokonza zoti olemba ndemanga tizitulutsa motsatizana, lero uyu mawa uyo, anandilembera kuti ngati buku ndalipatsa nyenyezi zosakwana zitatu mwa zisanu, ndidikire kaye mpaka sabata yotulukira buku itadutsa. Ayi. Pamenepo nkhani si ya tsikunso, kumeneko n'kupeta. Akufuna kuti omwe atulutse mapaundi 20 sabata yoyamba amve nthungululu zokhazokha, madandaulo adzafike ndalama zitalowa kale. Tsiku limodzi la aliyense, wokonda ndi wodana nalo, ndilemekeza ndi mtima wonse. Koma tsiku lina la oyamikira, lina la odzudzula, limenelo ndi bodza lovala suti. Ndinawayankha mwaulemu kuti andichotse pa mndandanda wawo, ndipo nyenyezi zanga ziwiri ndinazitulutsa Lachinayi lomwelo buku linatuluka, pamwamba nditalemba monga mwa nthawi zonse kuti kopelo ndinalandira ulere. Sanandiitanenso, ndipo tulo ndimagona bwinobwino.

Ndipo popeza tayamba kudandaula, inu osindikiza, lembani tsikulo poonekera. Wina akuti masiku 30, wina masabata awiri, wina sabata yotulukira buku, wina sanena kalikonse koma amadzakwiya pambuyo. Ena amabisa pempholo pansi penipeni pa imelo, m'zilembo zoti mpaka uvale magalasi. Mukasuntha tsiku lotulutsa buku, zomwe zimachitika kawirikawiri, tiuzeni. Ndinadzukapo m'mamawa kukaika ndemanga pa Amazon n'kupeza kuti buku analikankhira kutsogolo ndi miyezi iwiri, ine osadziwa. Ife sitilipidwa. Timawerenga pa basi, pa nthawi yopuma, ena mwana ali kumsana.

Buku la Lamlungu lija likutuluka Lachinayi lina mu Sepitembala. Mutu wake sindikuuzani, musavutike kundifunsa ku inbox, ngakhale inu achimwene omwe mumati tinaphunzira limodzi. Masamba atatu a ndemanga ali m'kope, kope lili m'loka ya kuntchito pansi pa paketi ya tiyi wa Chombe yomwe anandibweretsera alongo anga, ndipo foni idzalira pa tsiku lake mu Ogasiti, 7 koloko m'mawa, ndikamatuluka shifiti.