Moto wa ku Chiado ukuchenjezeni inu osunga katundu wa oimba

Pa 25 Ogasiti 1988, m'bandakucha, moto unabuka m'sitolo yaikulu ya Grandella pa msewu wa Rua do Carmo, m'dera lakale la Chiado mumzinda wa Lisbon ku Portugal. Nyumba 18 zinapsa ndipo anthu awiri anafa, mmodzi mwa iwo wozimitsa moto. Sitolo ya Valentim de Carvalho pa Rua Nova do Almada inapsa nawo, pamodzi ndi nkhokwe yake ya zinthu zakale. Imeneyi ndi kampani yomwe kwa zaka zambiri inkajambula nyimbo za Amália Rodrigues, mayi amene anamveketsa fado, mtundu wa nyimbo za ku Portugal, pa dziko lonse. Motowo sunayambire m'sitolo ya Valentim de Carvalho ayi. Unachokera kwa anansi.

Chotiwawa kwambiri n'chakuti ozimitsa moto anabwera, koma magalimoto awo anavutika kulowa mu Rua do Carmo chifukwa msewuwo unali utadzazidwa ndi mipando ndi timinda ta maluwa ta konkire, ati kukongoletsa. Nthawi imene ankafunafuna polowera, gasi anali kuphulika m'masitolo ndipo malawi anali kudumpha msewu. Nyumba za kumeneko zinamangidwanso pambuyo pa chivomerezi cha 1755, zambiri zili ndi mitanda ya matabwa m'kati mwa makoma kuti zisagwe nthaka ikagwedezeka. Nzeru yabwino pa chivomerezi, koma thabwa louma kwa zaka mazana awiri silichedwa kuyaka.

Amália anamwalira pa 6 Okutobala 1999, ndipo nyumba yake ya pa Rua de São Bento 193 anaitsegula mu 2001 kuti anthu aziona madiresi, magitala, zithunzi ndi mphatso zake. Zonsezi ndi nsalu, matabwa ndi mapepala. Eni nyumba yotere angasamale chotani, koma ngati wa khoma limodzi nawo ali wotayirira, asamalira pachabe. Moto umapita kumene kwatsala tchire.

Nchifukwa chake tikudzudzula inu okhala ndi ochita malonda m'madera akale a mu Lisbon ngati Alfama ndi Mouraria, kumene njira zina munthu atatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Mukuimika galimoto pakamwa pa mpita, mukuyala matebulo a lesitilanti mpaka pampopi wa ozimitsa moto. Kodi mukuganiza adzadutsa pati? Galimoto yawo imafuna mpata wa mamita atatu ndi theka. Soketi imodzi ya 230 V ndi 16 A malire ake ndi mawati 3,680, koma inu mukulumikizapo hita ya mawati 2,000 ndi ketulo ya 2,000 kudzera pa ekisitenshoni imodzi yotchipa. Waya wakale amatentha m'kati mwa khoma momwe simukuona, pafupi ndi mitanda ija. Pulagi ikamatentha mukaigwira, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, zimitsani pa meni switchi n'kuitana wa magetsi tsiku lomwelo. Silinda ya gasi musaisunge m'chipinda cha pansi pa nthaka, poti gasi wa butane ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amaunjikana pansi kudikira kamoto kamodzi. Paipi yake ili ndi deti yothera ntchito, iwerengeni. Kandulo za patebulo pomvera fado musazisiye zokha ngakhale pang'ono. Moto ukabuka imbani 112, nambala ya ngozi ku Portugal, musanayambe kuthamangira ndowa.

Tsopano inu a m'banja la woimba amene anatisiya, kulikonse muli. Matepi ndi zimbale za malemu mwaziika m'katoni pamwamba pa wadiropu, pansi penipeni pa denga. Dziwani kuti sizidikira malawi kuti zionongeke. Chimbale cha vinyl chimayamba kupindika pa madigiri pafupifupi 60, pomwe pepala limayaka kupitirira 200. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika ndi sefa, bokosi lachitsulo lokhomeramo zinthu, yolembedwa kuti siipsa. Sefa ya mapepala anaipanga kuti m'kati musapitirire madigiri 177, kutentha kokwanira kuphikiratu tepi. Ya matepi ndi ina, yosalola kupitirira madigiri 52. Funsani musanagule. Mukakhala ndi filimu yakale ya nitrate, imene inkapangidwa mpaka cha m'ma 1951, ichotseni m'nyumba ndi kuipereka kwa akatswiri, chifukwa ikayaka ngakhale madzi saizimitsa.

Tepi iliyonse ijambulidwe pa kompyuta ngati fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV ya 96 kHz ndi 24-bit, osati MP3 imene imataya mbali ya mawu. Makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likakhale kutali, kudera lina. Makope atatu m'dirowa imodzi amapsera limodzi. Jambulani zithunzi za gitala, zovala ndi makalata, mulembe mndandanda wake, nawonso ukasungidwe kwina.

Chozimitsira moto cha ufa chimazimitsadi, koma ufawo umalowa m'matepi ndi m'zida zoimbira n'kuziononga, choncho pafupi ndi zamagetsi ikani cha CO2. Madzi musathire pa waya wamoyo kapena pa mafuta ophikira oyaka. Alamu ya utsi ikhale pa nsanjika iliyonse ndi pamakwerero, muziiyesa mwezi ndi mwezi, ndipo ikakwana zaka 10 gulani ina. Chitseko cha chipinda chosungira katunduyo chizikhala chotseka usiku, ndipo makiyi ake asakhale ndi munthu mmodzi yekha amene tsiku la ngozi angapezeke ali ku ulendo.